Mphira zatsopano pa mfuti yakale: musathamangire zonenepa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene malemu amalume ake anamusiyira mfuti yophera nsomba pansi pa madzi. Akuti ndi ya mpope wa aluminiyamu, yotalika pafupifupi mita imodzi, ndipo mphira zake zauma moti zikuthetheka akangozipinda. Akufunsa kuti agule mphira zonenepa bwanji kuti iziponya mwamphamvu, komanso china chofunika kukonza n'chiyani.

Bambo, mundikhululukire, ndiyamba ndi kukugwetsani mphwayi. Mphira ndi nkhani yaing'ono. Chondidetsa nkhawa ndi trigger, kachitsulo kamene kamagwira mkondo mpaka mutakoka chala. Mfuti zoterezi zinayamba kufala m'zaka za m'ma 1940. Georges Beuchat wa ku Marseille, ku France, anatulutsa yake yotchedwa Tarzan mu 1947, ndipo za Champion za René Cavalero nazo zinapita kutali. Zambiri za nthawi imeneyo ndi zaka zotsatira zinapangidwira mphira zofewa kusiyana ndi zimene anthu amamanga lero. Onjezani apo kuti kadzino kogwira mkondo kakhala kakuperepeseka kwa zaka zambiri. Mukaipatsa mphira zonenepa mamilimita 19, mukusenzetsa nkhalamba katundu wa mnyamata. Ine ndinachitapo zimenezi ndili wachinyamata: ndinakoka mphira, ndisanaloze n'komwe mkondo unachoka wokha. Mwayi kutsogolo kunalibe munthu.

Tsono yambani ndi mamilimita 14. Ikapirira bwino ndipo mukuona kuti mkondo ukugwa msanga, mutha kukwera kufika pa 16. Kupitirira apo, ayi. Mphamvu ikachuluka mkondo umagwedezeka pochoka, mfuti imakankha dzanja, ndipo nsomba mumaiphonya ndithu.

Za utali, musayezere pa mphira zakalezo, chifukwa zinatamuka kalekale. Yezani kuchokera pamene mphira imagwira kukamwa kwa mfuti kufika pogoba pa mkondo pamene mumakoletsa. Tinene kuti mwapeza masentimita 90. Chotsanipo gawo la wishbone, kaja kolumikiza nsonga ziwiri za mphira, mwina masentimita 5 mbali iliyonse. Atsala 85. Anthu ambiri amakoka mphira kuti italike katatu kapena katatu ndi theka. Pa mfuti yakale ine ndimaima pa katatu. Ndiye 85 kugawa patatu ndi masentimita 28 mbali imodzi. Ngati yanu ndi ya mphira imodzi yodutsa pabowo n'kubwerera, dulani 56. Ikakhala yofooka mudzaifupikitsa, koma yodula kale simungaiwonjezere.

Onetsetsani kukamwa kwa mfutiyo musanagule kanthu. Zambiri za ku Ulaya zimalandira mphira ziwiri zochita kupotokola ngati bawuti, ndipo mazinga ake safanana onse. Choncho musataye timitu ta mazinga ta pa mphira zakalezo. Nthawi zina mumatha kudula mphira yowolayo n'kumangirira yatsopano pa timitu tomweto.

Wishbone nayo ili ndi msampha wake. Masiku ano ambiri amakonda ya chingwe cholimba kwambiri chotchedwa Dyneema chifukwa siicheka zala ikapulumuka. Koma mikondo yakale inagobedwa kuti muzikola waya, ndipo m'mphepete mwake ndi mwakuthwa: chingwe chimaduka musanayembekezere. Mwina khalani pa waya, kapena salazani pogobapo ndi tupa yaing'ono ndi sandipepala mpaka chala chiziterereka. Pomanga, mangani mfundo kunsonga kwa chingwe, inyowetseni ndi madzi a sopo, ilowetseni m'bowo la mphira, kenako mangani kunja kwa mphira ndi kachingwe kena pogwiritsa ntchito mfundo yothina kwambiri yotchedwa constrictor, mukukoka ndi mapulayala mbali zonse ziwiri. Ndi luso lomwe lija la legeni, kungoti pano ikamasuka imakumenyani kumaso.

Zotsalazo n'zachidule. Gubuduzani mkondo pa tebulo losalala. Ukamadumphadumpha ndi wopindika, pezani wina wa tsinde lofanana ndi wakalewo, apo ayi trigger siugwira bwino. Gwedezani mpope: mukamva madzi mkati, zotsekera zake zatha. Pamene mabawuti a chitsulo chosachita dzimbiri akhudzana ndi aluminiyamu mudzaona ufa woyera, ndiko kudyeka kumene madzi amchere amafulumizitsa. Musawakakamize, anyowetseni ndi mafuta omasulira kwa masiku angapo. Chingwe cha mkondo sinthani osafunsa.

Mafutawo asakhudze mphira. Girisi, oyilo ndi Vaseline zimaiwoletsa, monganso dzuwa ndi kutentha. Mukavuuka tsukani zonse ndi madzi opanda mchere, umitsani pamthunzi, ndipo ngati mukhala miyezi osapita kumadzi, chotsani mphira muziike m'pulasitiki yotseka bwino mu firiji. Mukazikoka n'kuona timing'alu pafupi ndi mfundo, nthawi yake yakwana.

Kuyesa koyamba kuchitikire m'madzi, osati pabwalo kapena m'nyumba, pakuti kumtunda mkondo umatha kudula chingwe kapena kubwerera kwa inu. Lozani kopanda munthu, kokani mphira, gogodani chogwirira ndi chikhatho kangapo chala chili kutali ndi trigger. Mkondo ukachoka wokha ngakhale kamodzi, ipachikeni pakhoma ikhale chikumbutso cha amalume, mugule ina yosakira.