Magazi pochita chimbudzi: kodi ndi mudzi?

Mwafunsa ngati timagazi tofiira timene mukumaona mukachita chimbudzi ndi mudzi. N'kutheka ndithu, makamaka poti mwati mumadzimbidwa. Mudzi ndi mitsempha ya magazi ya kotulukira chimbudzi imene yatupa, kawirikawiri chifukwa chodzikakamiza potulutsa chimbudzi cholimba. Ndiye yambani ndi kuchifewetsa: imwani madzi ambiri, idyani zipatso, masamba ndi nyemba. Chikakupanani pitani msanga, ndipo foni muzisiya panja, chifukwa kukhalitsa m'chimbudzi kumakulitsa vutoli. Pakamawawa, khalani m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 15.

Komabe pitani kuchipatala akakuoneni, musachite manyazi. Chimbudzi chikamatuluka chakuda bii, kapena mukamaonda popanda chifukwa, musazengereze m'pang'ono pomwe, pakuti khansa ya m'matumbo nayonso imatulutsa magazi.