Funsani Wamagetsi: Fani ya kudenga ndiichotse malaiti akapita?

FUNSO: Abambo, ine ndimakhala ku Chilenje mu Lusaka m'nyumba ya lendi, ndipo kumapeto kwa mwezi uno tikusamukira ku Kabwata. Pabalaza pali fani ya kudenga imene ndinagula ndi ndalama zanga ku Kamwala zaka zitatu zapitazo, dzuwa la Okutobala litatiwamba. Sindikufuna kuisiya. Amene anaimangirira sindikudziwanso kumene ali. Mwana wanga wa zaka 17 akuti tingodikira tsiku limene malaiti apita, iye akwere pa tebulo n'kuichotsa. Kodi ndimulole, kapena ndiitane wamagetsi? — Mayi wa ana atatu, Chilenje

YANKHO: Mayi, faniyo ndi yanu ndipo itengeni ndithu. Kuichotsa si ntchito yovuta. Koma mnyamata wanuyo mumuuze kuti tsiku limene wasankha ndilo loipa kuposa masiku onse.

Malaiti akapita, sakhala atatsanzika. Amabwera nthawi imene abwerere, mwina ola lisanakwane, ndipo sagogoda pakhomo. Ngati pa nthawiyo mwana wanu wagwira waya wosenda ali pamwamba pa tebulo, mavoti 230 amulowa m'dzanja. Magetsi akamuphonya, simenti ya pansi simuphonya. Chinanso n'chakuti malaiti kulibe, simungadziwe ngati mwazimitsa bwino, chifukwa tesita, kaja kasikuludiraiva kamene kamayaka kakakhudza waya wa moto, siyaka paliponse, pa waya wamoyo ngakhale wakufa. Choncho ntchitoyi muigwire masana, tsiku limene magetsi alipo. Yatsani fani izungulire, pitani pa bokosi la mabuleka lija timati DB, gwetsani main switch, ndiye mubwere muone ndi maso anu kuti fani yaima. Pa bokosipo matanipo tepi ndi kapepala koti wina asakweze, makamaka ngati mita mukugawana ndi anzanu a pa yadi imodzi. Ndinaonapo mayi wina woyandikana naye nyumba akukweza switchi chifukwa nyemba zake zinali pa sitovu, mnzanga ali m'denga.

Ndikuti main switch, osati switchi ya pakhoma. Chifukwa chake ndinachiphunzira ndi thupi langa ndili mnyamata, m'nyumba ina ku Matero. Ndinazimitsa pakhoma, fani inaima, ndinakwera ndikuimba mluzu. Kungokhudza waya wofiira, mkono wonse unachita dzanzi mpaka m'khwapa, pulayala n'kugwera pa galasi la tebulo la eni ake. Amene analumikiza nyumbayo anadula waya wa nyutulo, uja wobweza magetsi, pa switchi m'malo mwa waya wamoyo umene umawabweretsa. Fani inali chete, koma moto unali ukufika kudenga monga mwa masiku onse. Nyumba zolumikizidwa chonchi mu Lusaka muno zilipo zambiri, ndipo poyang'ana khoma simungazidziwe.

Ngati m'nyumbamo muli inveta, chija chopereka magetsi kuchokera ku mabatire, kapena sola, zimitsaninso. Chichokereni 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo tinkakhala mumdima kupitirira theka la tsiku, anthu ambiri anaika mabatire, ndipo mzere umene amakonda kulumikizako ndi wa mababu. Fani ya kudenga nthawi zambiri imadya mumzere womwewo. Mutha kugwetsa magetsi a kampani ya ZESCO bwinobwino, inveta n'kupitiriza kudyetsa wayayo mwakachetechete.

Za tebulo iwalani. Bwerekani makwerero aja otambasula miyendo, ndipo pakhale anthu awiri akuluakulu, wina pamwamba wina pansi. Mnyamata wanu akhale wogwira makwerero ndi kulandira zinthu. Zida n'zochepa: tesita, sikuludiraiva, pulayala, sipanala yaing'ono, tepi ya magetsi, ndi konekita, kaja kapulasitiki koyera kokhala ndi timasikuluu. Tesitayo muiyese pa soketi magetsi musanazimitse, muone kuti ikuyakadi.

Yambani ndi mapiko. Lililonse limagwiridwa ndi timabawuti tiwiri kapena titatu pafupi ndi mota. Yalani chitenje chakale pansi, chifukwa pamwamba pa mapiko pamakhala fumbi lakuda lonata ngati mwaye, la zaka zitatu zonsezo, ndipo likagwera pa sofa mudzandikumbuka. Pomasula, dzanja lina lichirikize phikolo. Musalikokere pansi kapena kutsamirapo. Phiko likapindika ngakhale pang'ono pokha, faniyo ikafika ku Kabwata izidzavina ngati yaledzera, ndipo kuliwongola kuti lifanane ndi anzake n'kovuta. Timabawuti muike m'kabotolo kotseka, osati m'thumba la malaya.

Kenako yang'anani pamene paipi ya fani yakumana ndi siling'i. Pali kakapu kophimba, kogwiridwa ndi kasikuluu kamodzi m'mbali. Kamasuleni, kakapuko katsetserekere pansi. Mudzaona mawaya, ndi huku, chitsulo chokhota ngati ngowe chimene fani yonse yapachikikapo. Musanakhudze chilichonse, jambulani ndi foni kuti amene akakumangireni uko akaone mmene zinalili. Ndiye khudzitsani tesita pa waya uliwonse, umodziumodzi. M'nyumba zambiri wofiira ndiye wamoyo, wakuda ndi nyutulo, wobiriwira ndi wa ethi, uja woteteza wopita m'nthaka. Mawaya ena amakhala a bulauni, a buluu ndi obiriwira osakaniza chikasu. Koma mtundu musaukhulupirire, poti simudziwa kuti amene analumikiza anali ndi waya wanji m'chikwama tsiku limenelo. Tesita ikangoti nyezi, tsikani, ntchito yathera pomwepo, itanani wamagetsi.

Ikapanda kuyaka, masulani wamoyo poyamba, kenako nyutulo, wa ethi pomaliza. Mawaya otsala kudengawo musangowapotokola n'kuwakankhira m'bowo. Uliwonse ulowe m'dzenje lakelake la konekita, mumange kasikuluu, mukulunge tepi pamwamba. Mukadzakweza switchi wayayo idzakhalanso ndi moto, ndipo m'siling'i muli matabwa ouma ndi makoswe. M'nyumbamo mudzalowa banja lina.

Tsopano pafika pamene anthu amavulalira zala ndi mphumi. Paipi imagwira pa huku ndi bawuti imodzi yopingasa, yodutsa m'kalabala kozungulira. Kumapeto kwa bawutiyo kuli nati, ndipo kutsogolo kwa nati kuli kapini kogawanika miyendo iwiri yopindidwa. Wongolani miyendoyo ndi pulayala, sololani kapini, masulani nati, koma bawuti musaisolole msanga. Mota ija imaoneka yaing'ono ili m'mwamba, koma ndi makilogalamu angapo a chitsulo ndi kopa, ndipo imabwera yonse nthawi imodzi. Inyamuleni ndi dzanja limodzi m'munsi mwake kapena muitsamiritse paphewa, muikweze pang'ono kuti bawuti ipepukidwe, ndiye muisolole. Ngati yadyedwa ndi dzimbiri, donthezani mafuta mudikire, osaimenya ndi hamala muli pa makwerero. Mafani ena ali ndi kawaya kachitsulo kowonjezera koteteza kuti asagwe. Kameneko ndiko komaliza kumasula. Mupatsire wa pansi motayo ndi manja awiri musanayambe kutsika.

Huku isiyeni pomwepo. Regyuleta ya pakhoma, ija mumapotokola kuti fani ithamange kapena ichepetse, ndi yanu ndipo mukaifuna uko. Apa pokha ndingakonde kuti mulipire wamagetsi kangachepe, aichotse n'kutsekapo ndi chivundikiro, chifukwa m'kabokosi kameneko nthawi zina mumadutsa mawaya a magetsi ena a m'nyumba. Ndipo eni nyumba muwauze lero, osati tsiku limene galimoto ya Canter yaima pageti katundu ali m'mwamba. Ambiri amaiwala kuti faniyo sanagule ndi iwo. Ngati lisiti ya ku Kamwala ikadalipo, isungeni pafupi.

Ku Kabwata mukafika, musalole munthu kupachika fani pa bodi la siling'i lokha. Huku igwire pa mtanda wa denga, kapena mu konkire ngati ndi fulati, ndipo mapiko akhale mamita osachepera 2.3 kuchokera pansi.

FUNSO: Achikulire, fani yanga ikangoyatsidwa imangolira kuti huuu osazungulira, mpaka ndiikankhe ndi mtengo wa tsache. Ndiichotse ndikataye? — Bambo wa ku Mtendere

YANKHO: Musataye, bambo. Kawirikawiri vuto lotere ndi kapasita, kachinthu kakang'ono ngati bokosi la machesi kapena batire, kamene kamakhala pamwamba pa mota, pansi pa kakapu ka m'munsi. Ntchito yake n'kupatsa mota mphamvu yoyambira, ndipo kakatopa, tsache lanulo ndilo likugwira ntchito yake. Zimitsani monga ndawauzira mayi a ku Chilenje, dikirani mphindi zingapo poti kamasunga moto pang'ono, ndiye mukachotse. Pitani nako m'masitolo a zamagetsi m'tauni akakupatseni ka nambala yofanana. Pa kapasita wa mafani ambiri palembedwa 2.5. Koma lekani kuisiya ikulira osazungulira, mota ingapse. Ikapsa mudzamva fungo, ndipo pamenepo ndiye mudzaichotsadi.