Kodi Mitengo Yotchinga Mphepo Siichepetsa Zokolola?

FUNSO: Munda wanga uli pamtetete, ndipo chaka chilichonse mphepo imagwetsa chimanga chikangomasula, pomwe m'chilimwe imauluza dothi lapamwamba. Ndalangizidwa kuti ndibzale mitengo m'malire, koma ndimaona kuti mbewu zoyandikana ndi mitengo zimakula monyozoloka. Kodi sindidzangotaya malo pachabe? — Mlimi wodera nkhawa

YANKHO: Zimene mwaonazo ndi zoona. Mizere yoyandikana ndi mitengo imalandidwa chinyezi ndi chakudya cha m'nthaka, komanso imaphimbidwa ndi mthunzi. Komabe vutoli limathera pafupi, kawirikawiri pa mtunda wofanana ndi msinkhu wa mitengoyo kapena kuwirikiza kawiri, pomwe chitetezo chake chimafika kutali, mpaka kuwirikiza msinkhuwo ka 10 kapena ka 15. Mitengo ikatalika mamita 6, mbewu zimavutika pa mamita 6 mpaka 12 oyambirira, koma mphepo imakhalabe yofooka mpaka pa mamita 60 kapena 90. Alimi ambiri amagwa ulesi chifukwa mbewu zonyozolokazo zimaonekera poyera, pomwe phindu limamwazikana m'munda monse ndipo limadziwika pa nthawi yokolola.

Phindulo silili pa kuteteza mbewu kuti zisagwe basi. Mphepo ikafooka, nthaka imachedwa kuuma, masamba sataya madzi ambiri, ndipo mbewu zongomera kumene sizikwapulidwa ndi mchenga. N'chifukwa chake dziko la United States, litavutika ndi mphepo za fumbi, linayamba ntchito yobzala mitengo yotere mu 1934, ndipo pofika 1942 inali itabzalidwa pafupifupi 220 miliyoni. Ku Niger nako, m'chigwa cha Majjia, alimi anayamba kubzala mizere ya nimu mu 1975, ndipo zokolola za mchewere zinakwera m'minda yotetezedwayo.

Chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri ndi kabzalidwe, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mpanda wa mitengo suyenera kukhala wothinana ngati khoma. Mphepo ikagunda chinthu chosadutsika imakwera pamwamba, kenako imatsika mwamphamvu ndi kuzungulira kuseri kwake, n'kugwetsa mbewu zomwe mumafuna kuteteza zija. Mpanda wabwino ndi wosefa mphepo, womwe mukauyang'ana muli chapatali, pafupifupi theka lake limaonetsa kuwala kwa tsidya linalo. Komanso usakhale ndi mpata waukulu, kaya pakati pa mitengo kapena kunsi kwake, chifukwa mphepo ikapanikizika pampata imathamanga kuposa mmene imachitira pamtetete. Pofuna kutseka kunsi, bzalani mzere wa zitsamba zazifupi pambali pa mitengo italiitali. Mpanda wonsewo upingase njira ya mphepo imene imakuvutitsani kwambiri, ndipo inu amene mumalima pamenepo ndi amene mukuidziwa bwino mbali imene imachokera.

Pa kasankhidwe ka mitengo, sindikulimbikitsani kubzala bulugamu pafupi ndi mbewu, chifukwa amamwa madzi ambiri ndipo mizu yake imayanga patali. Msangu ndi wabwino kwambiri pokonza nthaka, koma umayoyola masamba m'nyengo ya mvula, nthawi yomwe chimanga chanu chikufuna chitetezo. Nimu, keshya ndi gilisidiya zimagwira bwino ntchitoyi zikamasamalidwa. Kuti muchepetse kulimbirana chinyezi, kumbani ngalande yakuya pafupifupi theka la mita pakati pa mitengo ndi mbewu, dulani mizu yolowa m'munda, kenako kwirirani, ndipo muzibwereza zimenezi pakapita zaka zingapo popeza mizu imaphukanso. Nthambi zolendewera kumunda muzisadzira mvula isanayambe. Pa zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, mbande zimafunika kutetezedwa ku ziweto ndi moto wolusa, chifukwa mtengo umodzi ukafa umasiya mpata woopsa uja.

Simunanene kukula kwa munda wanu, koma mfundoyi ndi yofunika. Ngati mundawo ndi wopapatiza, mitengo italiitali idzakudyerani gawo lalikulu, ndipo chitetezo chambiri chidzapita kwa mnzanu woyandikana naye. Zikatero, ndi bwino kubzala mpanda waufupi wa nandolo kapena nsenjere, kapenanso kugwirizana ndi eni minda yoyandikana kuti mubzale mzere umodzi wautali woteteza minda yanu yonse.