Timaswichi ta mu charge controller si toyeserapo mwayi

Wowerenga wina wa ku Luchenza wandilembera pa imelo kuti wagula charge controller yakale, makina oyang'anira machajidwe a batire kuchokera ku mapanelo a sola, ndipo atatsekula chivundikiro wapeza timaswichi 8 tandandalika pamzere umodzi, ndiye akufunsa ngati angatisinthe yekha. Achimwene, funso lanuli landikhudza, chifukwa timaswichiti, timene amisiri amatitchula kuti DIP switch, tinandiwonongetsapo ndalama zambiri.

Nthawi imene ndinkaika sola kunyumba kwa mayi anga kufupi ndi Chitakale, mmisiri amene ndinamuitana anatenga msomali n'kuyamba kukankha timaswichito uku ndi uku mpaka kagetsi kobiriwira katayaka, kenako ananena kuti zonse zili bwino, nalandira ndalama zake. Kabuku ka malangizo sanakatulutse n'komwe m'katoni. Batire lathu linali la jelo, losatsekulika, koma iye anali atasankha machajidwe a batire lothira madzi, limene nthawi zina limapatsidwa mphamvu yokwererapo. Batire la jelo silipirira zimenezo. Linatupa m'mbali, ndipo mayi anabwerera ku koloboyi.

Timaswichito sinditida ayi. Ndimatikonda kuposa mabatani a pa sikirini, popeza zimene mwasankha mumaziona ndi maso, ndiponso sizifufutika magetsi akathima. Amene ndimakana ndi munthu wogwira ntchito mongoganizira. Kaswichi kalikonse kali ndi mbali ziwiri zokha, ON ndi OFF, choncho timaswichi 8 tingatcheredwe m'njira 256, ndipo kuyaka kwa kagetsi sikutsimikizira kuti mwapeza njira yoyenera. Marimoti akale a mageti ankayendera nzeru yomweyi: rimoti ndi makina a pageti zinkamvana pokhapokha timaswichi take titatcheredwa mofanana. Kuno kumapiri kulinso vuto la chinyontho cha chiperoni, chimene chimalowetsa dzimbiri m'kati mwa kaswichi, mwakuti nthawi zina kamaoneka kuti kali pa ON pamene sikakugunda.

Nanga muchite chiyani?

Jambulani timaswichito ndi foni musanatikhudze, ndipo mufunefune malangizo a makina anuwo pa intaneti, chifukwa tanthauzo la kaswichi kalikonse limasiyana malinga ndi kampani. Chotsani mawaya a mapanelo, kenako a batire, musanasinthe chilichonse, pakuti makina ambiri amawerenga timaswichi poyaka pokha. Kankhirani ndi kamtengo kosongoka, osati pensulo, imene imasiya fumbi lomwe magetsi amadutsamo. Polumikizanso, yambani ndi batire.