Funsani Akatswiri: Zowerenga za sayansi yofufuza umboni wa milandu zimapezeka kuti?

Funso: Ndili chaka chachitatu ku yunivesite ndipo ndikufuna kulemba kafukufuku wanga pa forensic science, sayansi ija yofufuza umboni wa milandu. M'laibulale yathu ndangopezamo mabuku awiri, akalekale. Kodi zoona palibenso china? *Wophunzira, Zomba*

Yankho: Zilipo zambiri, kungoti sizikhala pa shelefu imodzi. Phunziroli limatenga zina kwa madokotala, zina ku chemistry, zina kwa apolisi ndi ku malamulo, choncho mabuku ake amamwazikana m'laibulale yonse.

Yambani ndi kufunsa woyang'anira laibulale kuti mabuku amawasanja motsata dongosolo liti. Ngati ndi la Dewey, pitani pa 363.25 pomwe pali za kufufuza milandu, zidindo za zala ndi kasungidwe ka umboni wotoledwa pamalo a upandu. Za kupima mitembo zili pa 614.1, za chiphe pa 615.9, za malamulo a milandu yaupandu pa 345. Ngati ndi la Library of Congress, yang'anani HV8073, kenako kuyambira RA1001 kupita m'tsogolo. Mukapeza buku limodzi labwino musathamangire kutuluka nalo. Onani oyandikana nalo kumanja ndi kumanzere, ndipo tsegulani kumapeto kwa mitu yake muone zolemba zomwe mlembi anagwiritsa ntchito.

Komabe chuma chenicheni cha laibulale masiku ano chili pa kompyuta. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe mayunivesite ndi zipatala zake zimaloledwa kuwerenga ulere magazini a kafukufuku pa intaneti kudzera mu pulogalamu ya Research4Life. M'menemo muli Hinari, ya zaumoyo, yomwe inayamba mu 2002, ndi GOALI, ya zamalamulo. Munthu payekha salembetsa. Imalembetsa ndi sukulu kapena chipatala, ndipo dzina lolowera ndi pasiwedi mumakazitenga kwa woyang'anira laibulale. Mufunseninso za zomwe sukulu yanu imalandira kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'dziko muno. Mukalowa mu Research4Life, fufuzani magazini awa: Forensic Science International, Journal of Forensic Sciences, Science & Justice ndi International Journal of Legal Medicine.

Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwira. Amapeza nkhani pa Google, n'kudina, tsamba la osindikiza n'kuwauza kuti alipire madola makumi angapo pa nkhani imodzi yokha. Chifukwa chake n'choti mwalowera pakhomo lolakwika, tsambalo silikukudziwani. Lowani kaye mu Research4Life, fufuzani dzina la magaziniyo muli momwemo, kenako chaka ndi tsamba. Zikakanikabe, mwina osindikizawo sanatsegulire dziko lathu magazini imeneyo. Lemberani mlembi wa nkhaniyo kalata yaifupi pa imelo yomwe imakhala pansi pa mutu. Ambiri amatumiza mosanyinyirika.

Funso: Ndikalemba mawu pa intaneti ndimapeza nkhani masauzande zosandikhudza, ndikawonjezera "Malawi" sindipeza kanthu. Ndikufuna za imfa zobwera ndi tameki. Bandulo ikungothera pamenepa. *Wogwira ntchito ku labu, Mzuzu*

Yankho: Siyani Google pang'ono, pitani pa PubMed, tsamba lofufuzira nkhani za kafukufuku wa zaumoyo. Ndi yaulere ndipo safuna pasiwedi. Tameki ndi dzina la malonda chabe, Temik. Asayansi amalemba dzina la mankhwalawo, aldicarb, omwe ali m'gulu la carbamate. Lembani chonchi: aldicarb AND poisoning AND autopsy. Zotsatira zikachepa, chotsani liwu lomalizalo kapena sinthani aldicarb muike carbamate. AND amachepetsa, OR amachulukitsa, ndipo onse awiri alembedwe ndi zilembo zikuluzikulu. Mawu oyendera limodzi aikeni m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu, monga "forensic toxicology", kuti kompyuta isawalekanitse.

Kafukufuku wa mtunduwu wochitikira m'Malawi ndi wochepa, ndiye dzina la dziko likakhala lokha limatseka chilichonse. Lembani aldicarb AND (Malawi OR Zambia OR Zimbabwe OR "South Africa"), chifukwa ku South Africa zalembedwa zambiri za aldicarb ndipo mavuto ake ndi ofanana ndi athu. Pa tsamba la zotsatira dinani "Free full text" kuti mutsale ndi zomwe mungawerenge zonse, ndi "Review" kuti muyambe ndi nkhani zomwe zasonkhanitsa kale ntchito za ena. Nkhani imodzi yotere imakupulumutsirani sabata yathunthu. Onaninso African Journals Online ndi Malawi Medical Journal, yomwe imawerengedwa ulere.

Za bandulo: koperani mafailo a PDF muli pa intaneti ya kuntchito, muwapatse maina a mlembi ndi chaka nthawi yomweyo. Failo yotchedwa "download (7)" simudzaizindikira mwezi wa mawa. Pulogalamu yaulere ya Zotero imasunga zonsezi ndipo imakulemberani m'ndandanda wa zomwe mwawerenga.

Funso: Ndine wapolisi wofufuza milandu. Ndinagula buku lalikulu la ku America kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu, losindikizidwa cha m'ma 1990. Kodi ndingalidalire? *Bambo wa ku Limbe*

Yankho: Bambo, musalitaye, koma musalikhulupirire lonse. Mitu ya kajambulidwe ka malo a upandu, kuuma kwa mtembo, mabala a mpeni ndi a chipolopolo, komanso kulemba dzina la aliyense amene wagwira umboni kuchokera pamalopo mpaka kubwalo la milandu, imeneyo ikadali yothandiza.

Mutu wa DNA udumpheni. Njira yozindikira munthu poyeza DNA ya m'magazi kapena m'malovu ake anaitulukira Alec Jeffreys ku Leicester mu 1984, ndipo panthawi yomwe buku lanulo linkalembedwa ankafuna dontho lalikulu la magazi, pamene lero malovu a pa kapu akhoza kukwanira. Zimenezi zasintha ngakhale katoledwe ka umboni, chifukwa tsopano thukuta la m'manja mwanu lingathe kuuipitsa.

Chenjerani kwambiri ndi mitu ya zipsera za mano ndi kuyerekeza tsitsi pa maikulosikopu. Mabuku akale amazitama ngati umboni wosatsutsika. Mu 2009 bungwe la National Academy of Sciences la ku America linatulutsa lipoti lotchedwa Strengthening Forensic Science in the United States, lomwe linaonetsa kuti njira zingapo zotere zinalibe maziko okwanira a sayansi. Mu 2015 a FBI, bungwe lofufuza milandu la ku America, anavomera kuti akatswiri awo a tsitsi anapereka umboni wolakwika pa milandu yoposa 90 mwa 100 iliyonse yomwe inaunikidwanso. Lipoti la 2009 likupezeka ulere pa intaneti, ndipo tinganene kuti wapolisi aliyense wofufuza milandu ayenera kuliwerenga asanakaime pamaso pa loya wodziwa kufunsa.

Zoti mulowetse m'malo mwa mitu yakugwayo ziliponso zaulere. UNODC, nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo ndi upandu, ili ndi timabuku tofotokoza kapimidwe ka chamba ndi mankhwala ena ozunguza bongo. Interpol ili ndi ndondomeko yozindikirira anthu ofa pa ngozi zikuluzikulu. WHO inatulutsa mu 2003 malangizo a kasamalidwe ndi katoledwe ka umboni kwa ogwiriridwa, ndipo Minnesota Protocol ya 2016, ndondomeko ya United Nations, imalongosola kafufuzidwe ka imfa zokayikitsa.

Mbali ya malamulo ndiye musatenge m'buku la ku America ngakhale mzere umodzi. Tsegulani MalawiLII, tsamba la pa intaneti la malamulo ndi zigamulo za m'Malawi, muwerenge Criminal Procedure and Evidence Code, kenako mulembe "postmortem report" kapena "expert evidence" m'bokosi lofufuzira. Zigamulo za High Court ndi Supreme Court of Appeal zikuonetsani pomwe majaji athu analandira lipoti la dokotala, pomwe analikana, ndi zifukwa zake.