Yambani ndi masipanala, makina abwere pambuyo

Achimwene, mwafunsa zoti mugule chiyani poyamba mu galaja yanu ya pakhomo. Ine ndingati masipanala ndi masoketi (timitu tachitsulo tovala pa bawuti pomanga kapena pomasula), kuyambira 8 mpaka 19 mm. A 10 mm mugule awiri, chifukwa amasowa nthawi yomwe mukuwafunayo. Sankhani olembedwa chrome vanadium, womwe ndi mtundu wa chitsulo cholimba. Otchipa aja amaterereka n'kudya mutu wa bawuti, ndiye mumaswera tsiku lonse mukulimbana nayo.

Jeke yokha musaikhulupirire. Musanalowe kunsi kwa galimoto, ikhale pa ma axle stand, miyendo yachitsulo yochirikiza galimoto ikakwezedwa. Apa ndiye musaumire ndalama ayi.

Drill ya batire tengani ya 18V, ndipo zida zotsatira zikhale za kampani yomweyo komanso za batire ya mtundu womwewo kuti batire imodzi izikwanira zonse. Kompuresa, makina opopa mpweya, idikire kaye.