Waziri wa makhalifa a ku Baghdad: mphamvu zake zinkachokera kuti?

Achimwene, mwafunsa ngati waziri wa makhalifa a ku Baghdad anali chimodzimodzi nduna yaikulu ya m'maboma a masiku ano, komanso chifukwa chake ambiri a iwo ankathera m'ndende kapena kuphedwa kumene. Ndaona ena ayankha kale kuti inali nsanje basi. Nsanje inalipodi, koma ine ndimaona kuti nkhani yagona pa ndalama za msonkho, choncho mundilole ndifotokoze motalikitsako.

Waziri sankasankhidwa ndi anthu, ndipo kunalibe nyumba ya malamulo yomuikira kumbuyo. Nthawi zambiri analibenso asilikali akeake. Mphamvu zake zonse zinali zobwereka kwa munthu mmodzi, khalifa, yemwe anali mfumu ya ufumu wa Chisilamu. Akamupatsa mphete ya chidindo, kalata iliyonse yochokera kwa waziri inkamveka ngati yatuluka m'kamwa mwa mwini ufumu. Akamulanda mpheteyo madzulo, kukacha alonda omwe ankamugwadira dzulo ndi omwe ankabwera kudzamumanga. Ntchito yake yeniyeni inali kuyang'anira maofesi otchedwa diwani: ya msonkho wa minda, ya malipiro a asilikali, ya makalata a boma, ndi ena. N'chifukwa chake mawaziri ambiri ankachokera m'gulu la alembi, anthu a cholembera ndi masamu, ndipo ochuluka anali ochokera m'mabanja a ku Persia amene anadziwa kale kayendetsedwe ka boma.

Banja la Abbas linalanda ufumu m'manja mwa banja la Umayya m'chaka cha 750. Munthu woyamba kutchedwa waziri anali Abu Salama al-Khallal wa ku Kufa, mmodzi mwa amene anakonza chiwembu chonsecho mobisa. Sanakhalitse. A banja la Abbas anamukayikira kuti mtima wake unali kwa zidzukulu za Ali, msuweni wa Mneneri Muhammad, ndipo anaphedwa usiku m'chaka chomwecho cha 750. Khalifa wachiwiri, al-Mansur, yemwe anamanga Baghdad mu 762, anali munthu woumira amene ankalondola yekha ndalama iliyonse, moti waziri pansi pake anali mlembi wamkulu chabe.

Udindowu unakula ndi banja la Barmak. Makolo awo anali osunga kachisi wa Chibuda wotchedwa Nawbahar ku Balkh, kumpoto kwa dziko lomwe lero ndi Afghanistan, asanalowe Chisilamu. Yahya mwana wa Khalid ndi amene analera ndi kuphunzitsa Harun al-Rashid, ndipo anatsekeredwapo m'ndende chifukwa chokana kuti Harun alandidwe ufulu wolowa ufumu. Harun atakhala pampando mu 786, anapereka chidindo kwa Yahya, munthu amene ankamutchula kuti bambo. Kwa zaka 17 Yahya ndi ana ake awiri, al-Fadl ndi Ja'far, ndiwo ankayendetsa dziko lochokera ku Egypt kukafika ku Khurasan, chigawo cha kum'mawa kwa ufumuwo. Ankaika abwanamkubwa, ankamva madandaulo a anthu, ankapatsa mphatso alakatuli ndi anthu ophunzira, ndipo pakhomo pawo pankadzaza anthu opempha thandizo. Al-Fadl ndi Harun anayamwa bere limodzi. Ja'far anali mnzake wa Harun wodya naye ndi kucheza naye usiku.

Mu January 803, akuchokera ku Hajji, Harun anatuma mtumiki wake Masrur kukadula mutu wa Ja'far pafupi ndi mzinda wa al-Anbar. Mtembo wake anaupachika pa milatho ya Baghdad kuti aliyense woloka mtsinje wa Tigris aone. Chuma cha banja lonse chinalandidwa. Yahya anafera m'ndende ku Raqqa mu 805, al-Fadl mu 808. Pali nthano yotchuka yoti Ja'far anabereka mwana ndi Abbasa, mlongo wake wa khalifa, koma wolemba mbiri Ibn Khaldun anaikana kalekale, ndipo ine ndimagwirizana naye. Chomveka n'chakuti banjali linafika polemera ndi kukhala ndi anthu ake paliponse m'boma, mwini ufumu n'kuyamba kudziona ngati mlendo m'nyumba yake. Panalinso al-Fadl ibn al-Rabi, mkulu wa pakhomo la khalifa, amene ankasankha wolowa ndi wobwezedwa, ndipo ameneyu ankadana nawo kwambiri. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa Yahya anatumikira Harun kuyambira ali mwana, koma palibe bwalo la milandu limene linamva mbali yake.

Otsatira awo sanaone zosiyana kwenikweni. Al-Fadl ibn Sahl, waziri wa khalifa al-Ma'mun mwana wa Harun, anapatsidwa ulamuliro wa alembi ndi wa asilikali pamodzi, chinthu chosowa, koma anaphedwa akusamba ku Sarakhs mu 818. Waziri wina, Ibn al-Zayyat, anali ndi ng'anjo yachitsulo yokhala ndi misomali mkati, yozunziramo anthu kuti aulule kumene abisa ndalama za boma. Mu 847 khalifa watsopano al-Mutawakkil anamulowetsa iyeyo m'ng'anjo yomweyo, nafera momwemo.

Apa mpamene pali yankho la funso lanu lachiwiri. Panali mwambo wotchedwa musadara. Waziri akachotsedwa, iye ndi alembi ake ankagwidwa, ankawerengeredwa ndalama zoti abweze, ndipo akakana ankazunzidwa mpaka atasaina. Nthawi zambiri wofuna mpandowo ankalonjeza khalifa kuti akangomupatsa udindo, afinya waziri wakale ndi anthu ake ndalama zakutizakuti. Mosungira chuma cha boma mukauma, kugwetsa waziri inali njira yachidule yopezera malipiro a asilikali. Nawonso mawaziri, podziwa zimene zikubwera, ankadzikundikira chuma mwachangu n'kumachibisa kwa amalonda odalirika, ndipo zimenezi zinkangopereka chifukwa china chowafinyira.

Nanga ndalama zinkachepa bwanji m'ufumu wolemera chonchi? Khalifa al-Mu'tasim anadalira asilikali achikapolo a mtundu wa Aturuki, nawamangira mzinda wa Samarra mu 836. Asilikali amenewa ankafuna malipiro awo pa nthawi yake, ndipo mu 861 anapha al-Mutawakkil. Ahmad ibn Tulun, amene anatumizidwa kukalamulira Egypt mu 868, patapita zaka zochepa anayamba kusunga msonkho wa dzikolo m'manja mwake. Kumwera kwa Iraq, akapolo otchedwa Zanj, ambiri ochokera ku Africa kuno, amene ankagwiritsidwa ntchito yopala mchere m'minda, anaukira kuyambira 869 mpaka 883, ndipo nkhondoyo inawononga minda ndi ngalande zothirira zimene boma linkadalira. Msonkho unkatsika pomwe odya ankachuluka.

Nthawi ya al-Muqtadir, amene anakhala khalifa ali ndi zaka 13 mu 908 n'kulamulira mpaka 932, ndi pomwe zonsezi zimaoneka poyera. Mpando wa waziri unasintha manja kopitirira kakhumi. Mayi ake a khalifa, Shaghab, ndi mkulu wa asilikali Mu'nis anali ndi mawu pa yemwe alowe ndi yemwe atuluke. Ibn al-Furat, katswiri wa za msonkho koma wowolowa manja ndi ndalama za boma, anakhala waziri katatu. Ulendo wachitatu mwana wake al-Muhassin anazunza ndi kupha adani awo ambiri, ndipo zigawenga za Qarmati zitaukira anthu ochokera ku Hajji mu 924, mkwiyo wa anthu unagwera pa iwo, bambo ndi mwana n'kuphedwa chaka chomwecho.

Wopikisana ndi Ibn al-Furat, Ali ibn Isa, ndi amene ine ndimamulemekeza pa onse. Ankakhala pansi ndi mabuku a ndalama, n'kuonetsa khalifa kuti zotuluka zaposa zolowa. Anadula ndalama zopita kunyumba yachifumu ndi malipiro a anthu ongodya osagwira ntchito, anachotsanso misonkho ina yopondereza. Zimenezi zinamudanitsa ndi anthu a kunyumba yachifumu, moti anachotsedwa, analipitsidwa, anathamangitsidwira ku Mecca mpaka ku Sana'a. Koma zinthu zikafika povuta ankamuitananso, chifukwa anali wodziwika kuti masamu ake sanama. Iyeyu anamwalira ndi ukalamba mu 946.

Mapeto a mphamvu za udindowu anafika mu 936. Khalifa al-Radi analibe ndalama zolipirira asilikali, ndiye anaitana Ibn Ra'iq, bwanamkubwa wa ku Wasit, namupatsa udindo watsopano wa mkulu wa akuluakulu a nkhondo, pamodzi ndi ulamuliro wa msonkho. Maofesi a diwani anachoka m'manja mwa waziri. Ibn Muqla, yemwe anakhalapo waziri katatu ndiponso amakumbukiridwa mpaka lero chifukwa chokonza malamulo a kalembedwe kokongola ka zilembo za Chiarabu, anayesa kukonza chiwembu chogwetsa Ibn Ra'iq. Anamudula dzanja lamanja, kenako lilime, ndipo anafera m'ndende mu 940. Olemba mbiri amati ankamangirira cholembera pa mkono wodukawo kuti apitirize kulemba. Mu 945 banja la Buya la ku Persia linalanda Baghdad, khalifa n'kutsala ndi dzina ndi ulemu wa chipembedzo.

Dzina la waziri silinafe. Linasamukira kwa mafumu amene anali ndi asilikali. Nizam al-Mulk anayendetsa ufumu wa Aturuki otchedwa Aseljuki pafupifupi zaka 30 pansi pa Alp Arslan ndi Malik Shah, anamanga sukulu za Nizamiyya, ndipo anabayidwa mu 1092. Makhalifa nawonso anadzakhalanso ndi mawaziri awo, koma olamulira dera la Iraq lokha. Womaliza anali Ibn al-Alqami, amene anali paudindo pomwe Hulagu ndi asilikali ake a ku Mongolia analanda Baghdad n'kupha khalifa al-Musta'sim mu 1258.